Ukapitawo wa Magetsi ndi Mafuta: Yambani ndi Mita, Sola Ibwere Pambuyo

Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha nyengo imeneyo chinali tsoka la dziko lonse. Alimi a kuno kum'mawa anali ataziona kale m'minda mwawo, pamene chimanga chinafota chisanamasule ngayaye. Koma chilalacho sichinathere m'minda. Magetsi oposa magawo 80 pa 100 alionse a dziko la Zambia amapangidwa ndi madzi, ndipo m'chaka chimenecho bungwe la Zambezi River Authority linalola madzi okwana makyubiki mita 16 biliyoni okha kuti Zambia ndi Zimbabwe agawane popangira magetsi ku Kariba. M'mwezi wa Malichi kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku. Pofika Seputembala, malo ena ankakhala maola 21 opanda magetsi, ndipo mwa makina 6 a ku Kariba North Bank, amene mphamvu yake yonse ndi mamegawati 1,080, panafika nthawi imene ankazungulira anali amodzi okha. Sikanali koyamba. Zofanana ndi zimenezi zinachitika mu 2015 ndi mu 2019, ndipo mlimi wanzeru sangamange bizinesi yake pa chiyembekezo chakuti sizidzachitikanso.

Phunziro lathu silikufuna kudandaula za madzi a m'Zambezi, pakuti ife a ku Chipata sitingawonjezere ngakhale dontho limodzi m'damu la Kariba. Likufuna kuona mbali imene ili m'manja mwathu: mmene famu, chigayo, sukulu ya mpingo kapena chipatala zingachepetsere ndalama zimene zimapita ku magetsi, dizilo ndi nkhuni, popanda kuchepetsa ntchito.

Makampani aakulu anaiona kale nkhani imeneyi. Kampani ya Zambia Sugar ku Nakambala, m'boma la Mazabuka, imawotcha zotsalira za nzimbe zikafinyidwa n'kupanga nthunzi ndi magetsi oyendetsera fakitale yake. Copperbelt Energy Corporation inamanga minda ya sola ku Kitwe, ndipo wa ku Itimpi, wa mamegawati 60, unatsegulidwa mu 2024. Padziko lonse pali muyezo wotchedwa ISO 50001, umene unatuluka mu 2011, wolongosola mmene bungwe lingayang'anirire mphamvu zimene limagwiritsa ntchito. Mapepala ake ndi ambiri, koma mtima wake ndi waufupi: yezani, pezani chimene chikudya kwambiri, konzani, yezaninso, ndipo pakhale munthu mmodzi woyankha pa zimenezo. Palibe mfundo ina mwa izi imene ingakanike pa famu ya mahekitala awiri ku Chiparamba kapena ku Kalichero.

Mawu awiri oyenera kuwasiyanitsa

Ophunzira ambiri amasokoneza kilowati ndi yunitsi. Kilowati ndi kukula kwa njala ya chipangizo pa nthawi imene chikugwira ntchito. Yunitsi, imene timagula ku ZESCO, ndi chakudya chonse chimene chadyedwa: chipangizo cha kilowati imodzi chikayaka ola limodzi chadya yunitsi imodzi. Motero getsi laling'ono loyaka usiku wonse, usiku uliwonse, likhoza kudya ndalama zambiri kuposa makina owotcherera zitsulo amene amagwira ntchito mphindi zochepa pa mlungu. Pa mota iliyonse pali kachitsulo kolembedwa mphamvu yake. Ngati yalembedwa m'mahosipawa, dziwani kuti hosipawa imodzi ndi pafupifupi makilowati 0.75. Tengani kabuku, yendani pa malo anu onse, lembani chipangizo chilichonse, mphamvu yake ndi maola amene chimagwira ntchito pa tsiku, kenaka muchulukitse. Ntchito imeneyi ndi ya masana amodzi, ndipo nthawi zambiri imaonetsa kuti zipangizo ziwiri kapena zitatu zokha ndi zimene zikudya gawo lalikulu la ndalama. Ndi pa zimenezo pamene muyenera kuika maganizo anu.

Mayeso a tsiku la Sabata

Akatswiri oyeza magetsi m'mafakitale amakonda kuona zimene mita imalemba pa tsiku limene makina onse aima, chifukwa chimene chikudyedwa pa tsiku lotero chimaulula zotayika. Mafakitale ambiri amavutika kupeza tsiku lotero. Ife osunga Sabata tili nalo mlungu uliwonse.

Lachisanu, dzuwa lisanalowe, pamene chigayo chatsekedwa, thanki yadzazidwa ndipo antchito aweruka, lembani nambala ya pa mita. Sabata likatha, dzuwa litalowa, lembaninso. Ngati magetsi anazima kwa maola ena, funsani mlonda kuti mudziwe maolawo n'kuwachotsera. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi chakudya cha zinthu zimene sizipuma inu mukamapuma. Zina mwa izo n'zoyenera: firiji ya katemera wa nkhuku, nyali zotenthetsera anapiye, magetsi a chitetezo. Werengerani zimenezo kuchokera m'kabuku kaja. Chimene chatsala ndicho mbava yosaoneka. Kawirikawiri imapezeka kuti ndi giza yotenthetsa madzi m'nyumba yopanda munthu, firiji yakale imene mphira wa pa chitseko chake unatha, magetsi a panja oyaka masana, kapena pampu imene ikudzaza thanki yodontha.

Tiyerekeze kuti mwapeza mayunitsi 24 osadziwika kumene apita m'maola 24 amenewo. Ndiye kuti pali kilowati imodzi imene ikuyaka usana ndi usiku. Pa chaka imeneyo ndi mayunitsi 8,760. Chulukitsani ndi mtengo wa yunitsi umene uli pa lisiti lanu, ndipo muone matumba a fetereza amene ndalama imeneyo ikadagula. Ambuye atadyetsa khamu lija la anthu zikwi zisanu, analamula kuti makombo atoledwe, ndipo anadzaza mitanga khumi ndi iwiri. Amene anali ndi mphamvu yochulukitsa mkate ndiye amene sanalole kuti nyenyeswa zitayike, ndipo tikuona kuti kapitawo wa pa famu alibe chifukwa chochitira mosiyana.

Madzi ndi olemera

Pa mafamu ambiri othirira, pampu ndiyo imadya kwambiri, choncho tikhalitsapo pang'ono. Kukweza malita 10,000 a madzi mamita 30 m'mwamba kumafuna mayunitsi pafupifupi 0.8, pampuyo ikanakhala yangwiro. Palibe pampu yangwiro. Yaing'ono yabwino imataya pafupifupi theka la mphamvu, kotero kuti ntchitoyo imadya mayunitsi 1.6. Ngati yanu ikudya 4 kapena 5 pa madzi omwewo, pali chimene chalakwika, ndipo mukhoza kuchipeza.

Choyamba kuyang'ana ndi paipi. Madzi akamayenda m'paipi amakhulana ndi makoma ake, ndipo kukhulanako kumakula modabwitsa paipi ikachepa. Mukachepetsa kukula kwa paipi ndi theka koma n'kufuna kuti padutse madzi ofanana, kukhulanako kumachuluka pafupifupi ka 30. Mlimi amene wagula paipi ya mamilimita 25 m'malo mwa ya 50 pa mtunda wautali, poti ndi yotchipa, amalipira kusiyanako mwezi uliwonse kwa zaka zonse zimene paipiyo idzakhale pansi. Makona ochuluka, mavalavu otseka theka ndi sefa yodzaza mchenga zimachitanso chimodzimodzi. Chachiwiri ndi kukula kwa pampu. Ogulitsa ena amakonda kupereka yaikulu, ndipo wogula amakondwa poganiza kuti wapeza yamphamvu. Koma pampu yoposa madzi amene chitsime chimatulutsa imauma, kuzima ndi kuyakanso, ndipo pamapeto pake imapsa. Musanagule, dziwani kuya kwa madzi m'mwezi wa Okutobala, osati m'mwezi wa Malichi, ndiponso malita amene chitsimecho chimapereka pa ola.

Chachitatu sichili pa pampu koma m'dimba. Lita iliyonse imene simunaifune ndi lita imene simunaipope. Kuphimbira mabedi ndi mapesi kapena udzu, kuthirira m'mawa kwambiri kapena madzulo, kuthira manyowa kuti nthaka isunge chinyezi, ndi kuthirira kwa m'madontho m'malo mosefukiza madzi m'ngalande, zonsezi timaziphunzitsa m'kalasi la ulimi wa ndiwo zamasamba, koma ndi maphunziro a magetsi omwe. Ndipo thanki iliyonse ikhale ndi kachipangizo koyandama kozimitsa pampu madzi akadzaza. Thanki yosefukira pamene mwini wake ali kutchalitchi ndi chinthu chimene tachiona kambiri m'maulendo athu oyendera ophunzira akale, ndipo pansi pa thanki yotero pamamera udzu wobiriwira bwino umene mtengo wake mwini famu saudziwa.

Chigayo, khola ndi khitchini

Chigayo chimadya molingana ndi mmene chikusamalidwira. Nyundo zakutha zimamenya chimanga nthawi yaitali kuti ufa utuluke, lamba wolobodoka amataya mphamvu potentha, ndipo chimanga chosauma chimatseka sefa. Bungwe la Food Reserve Agency limagula chimanga chimene chinyezi chake sichiposa 12.5 peresenti, ndipo muyezo umenewo ndi wabwinonso kwa mwini chigayo. Choipa koposa ndi chizolowezi chosiya mota ikulira podikira kasitomala wina. Muyezo woyenera kulemba pa chigayo si mayunitsi a pa mwezi, pakuti amenewo amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo, koma mayunitsi kapena malita a dizilo pa thumba lililonse la makilogalamu 50. Nambala imeneyo ikayamba kukwera, nyundo zatha kapena wina akugaya usiku osalemba.

Ku khola la anapiye, kutentha kumafunika madigiri pafupifupi 32 mpaka 34 m'mlungu woyamba, kenaka n'kumatsitsa madigiri pafupifupi 3 mlungu uliwonse. Nyali imodzi yotenthetsera ya mawati 250 imadya mayunitsi 6 pa tsiku. Amene amatenthetsa khola lonse m'mwezi wa Juni chifukwa cha anapiye 200 okhala pakona imodzi akutenthetsa malata. Tchingani kamalo kozungulira, ikani denga lotsika la masaka, yalani utuchi wokwanira, ndipo muzikulitsa malowo anapiye akamakula. Amene amagwiritsa ntchito mbaula ya makala asiye mpata wolowera mpweya, chifukwa utsi wosaoneka wa makala umapha anapiye ndi munthu yemwe.

Magetsi ounikira ndi nkhani yaifupi. Boma linaletsa kuitanitsa mababu akale aja otentha, koma akadalipo m'makhola ndi m'nyumba zogona ana asukulu. Babu la mawati 60 likalowedwa m'malo ndi la LED la mawati 9, kuwala kumakhala kofanana. Mababu 20 oyaka maola 12 amapulumutsa mayunitsi oposa 12 pa tsiku, pafupifupi 367 pa mwezi.

Kutentha ndiko kumadya zambiri mosaonekera. Giza ya malita 150 imafuna mayunitsi pafupifupi 7 kuti itenthetse madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60, ndipo dzuwa la kuno likhoza kuchita ntchito imeneyo kwaulere miyezi yambiri ya chaka. M'makhitchini a masukulu ogonera konko ndi pa misonkhano ya misasa, mafuwa atatu amataya kutentha kochuluka m'mbali, ndipo kumene kumafika pa mphika ndi gawo laling'ono. Chitofu chomangidwa ndi njerwa, chokumbatira mphika ndiponso chokhala ndi chumuni, chimachepetsa nkhuni kwambiri. Bungwe la COMACO, limene lili ndi fakitale yake muno mu Chipata, lakhala likulimbikitsa alimi kubzala mitengo ya gliricidia m'minda ndi kuphikira pa zitofu zogwiritsa ntchito tinthambi take. Mtengo womwewo umabwezera chonde m'nthaka n'kuperekanso nkhuni, ndipo aliyense amene waona mmene mapiri ozungulira tauni yathu ayerera adzamvetsa chifukwa chake timaika nkhuni m'buku limodzi ndi magetsi. Nyemba zonyikidwa usiku, chivundikiro pa mphika ndi nkhuni zouma bwino sizifuna ngongole ya kubanki.

Nthawi imene mumayatsa

Amene mwakula kufika poika thiransifoma yanu, kapena amene mwalembedwa ntchito yoyang'anira famu ya sukulu kapena ya mishoni, muyenera kudziwa kuti bilu ya makasitomala aakulu ili ndi mbali zingapo. Kuwonjezera pa mayunitsi, ZESCO imalipiritsa makasitomala oposa ma kVA 15 molingana ndi mphamvu yaikulu koposa imene anakoka pa nthawi imodzi m'mwezi umenewo. Tiyerekeze kuti pa famu pali chigayo cha makilowati 22, pampu ya 7.5 ndi makina osakaniza chakudya cha ziweto a 5.5. Zonse zikayaka pamodzi kwa ola limodzi lokha, mita imalemba makilowati 35, ndipo mtengo wa mwezi wonse umawerengedwa pamenepo. Pampu ikamagwira ntchito usiku, makina osakaniza m'mawa, chigayo pambuyo pake, ntchito yachitika yofanana koma nsonga yatsikira pa 22. Palinso mitengo yosiyana malinga ndi nthawi: madzulo, pamene dziko lonse likuphika, yunitsi ndi yodula, ndipo pakati pa usiku ndi yotchipa. Mitengo imeneyi imavomerezedwa ndi bungwe la Energy Regulation Board ndipo imasintha, monga inasinthira mu Novembala 2024 pamene anaika mitengo yapadera yothandiza kugula magetsi kunja. Pemphani pepala la mitengo yatsopano, ndipo muone ngati gulu limene anakuikani ndi loyenera ntchito yanu.

Jenereta ndi sola

Magetsi akazima, ambiri amathamangira jenereta. Lita imodzi ya dizilo m'jenereta yaing'ono imapereka mayunitsi pafupifupi 3. Tiyerekeze kuti lita ili pa K30: yunitsi iliyonse yakudyerani K10, musanawerengere oilo, masefa ndi makaniko, ndipo mtengo umenewu ukuposa wa ZESCO kangapo. Popeza mitengo ya mafuta imaunikidwa mwezi ndi mwezi, chitani masamu amenewa mwezi uliwonse. Jenereta yaikulu yoyatsidwa chifukwa cha kompyuta imodzi ndi mababu anayi imamwa mafuta ochuluka pa ntchito yochepa, ndipo injini ya dizilo yoyenda nthawi yaitali popanda katundu wokwanira imadzaza mwaye n'kuwonongeka msanga. Ngati iyenera kuyaka, sonkhanitsani ntchito zolemera kuti zichitike m'maola omwewo, kenaka izime.

Pali malo amene sangasankhe. Chipatala cha Mwami, chimene mpingo wathu unakhazikitsa mu 1927 kufupi ndi malire a Malawi, kapena chipatala chachikulu cha Chipata Central, sizingauze wodwala amene ali pa opaleshoni kuti adikire magetsi. Malo otere amalekanitsa mawaya a zipinda zofunika koposa ndi mawaya a nyumba zina, kuti mphamvu yosungira ipite kumene kuli moyo. Mfundo imeneyi ndi ya pa famu pomwe. Makina oswetsa mazira ndi firiji ya katemera zikhale pa waya wawokha wokhala ndi batire. Ayironi ndi ketulo zisayandikire waya umenewo.

Tsono tifike pa sola, imene taiika kumapeto mwadala. Boma linachotsa msonkho pa zipangizo zambiri za sola, ndipo mu 2024 linakhazikitsa malamulo olola amene ali ndi mapanelo kutumiza magetsi otsala ku mawaya a ZESCO. M'masitolo a m'tauni muno mapanelo ali mbwee, abwino ndi achinyengo omwe. Maganizo athu ndi akuti sola ndi yabwino kwambiri kwa mlimi wa kuno, koma igulidwe pambuyo poti zotayika zatsekedwa. Kilowati imodzi ija yoyaka pachabe usana ndi usiku, mukafuna kuidyetsa ndi sola, ifuna mapanelo a makilowati asanu kapena kuposa, ndi mabatire oisunga usiku wonse. Kuizimitsa sikufuna ngakhale ngwee imodzi. Amene ayamba ndi kugula amagula zazikulu kuposa zimene akufuna, ndipo ngongole yake imakhala ikudya phindu la tomato kwa zaka.

Pa ntchito zonse za pa famu, kupopa madzi ndiko kumagwirizana ndi sola koposa, chifukwa sikufuna batire. Pampu imakweza madzi masana, thanki n'kuwasunga, ndipo thanki siitha mphamvu pakapita zaka zochepa monga amachitira mabatire. Miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, pamene dimba lili ndi ludzu lalikulu, ndiyonso miyezi ya dzuwa losaphimbika. Popeza tili kum'mwera kwa equator, mapanelo ayang'ane kumpoto, atapendekeka madigiri pafupifupi 15. M'miyezi yomweyo fumbi ndi phulusa la lupsa zimakuta galasi, choncho litsukeni ndi madzi oyera m'mawa lisanatenthe. Mthunzi wa nthambi imodzi pa panelo limodzi umafooketsa mzere wonse. Chenjezo lina ndi ili: poti dzuwa salipira, ena amasiya pampu ikuyenda tsiku lonse, ndipo chitsime chawo ndi cha anansi awo zimaphwa mvula isanagwe. Madzi a pansi ali ndi malire ngakhale bilu palibe.

Kuti mudziwe choyamba kugula, gawani mtengo wa chinthucho ndi ndalama imene chidzapulumutse pa mwezi. Yankho lake ndi miyezi imene chidzadzibwezere. Mababu, mphira wa firiji ndi kachipangizo ka pa thanki zimadzibweza m'miyezi yowerengeka, paipi yaikulu m'nyengo imodzi kapena ziwiri za dimba, pampu ya sola yolowa m'malo mwa ya petulo m'zaka zochepa, ndipo mabatire ndiwo amachedwa koposa. Ndalama yopulumutsidwa pa choyamba isungidwe padera kuti igule chachiwiri. Mafuta a galimoto alowenso m'masamu omwewa: ulendo umodzi wodzaza wopita ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market, kumene ife timapita masiku ena a mlungu ngakhale dzina lake lili lotero, umaposa maulendo atatu a makireti ochepa, ndipo alimi oyandikana akhoza kugawana galimoto imodzi.

Zonsezi zimafa ngati palibe mwini wake. Pa malo pamene magetsi ali a aliyense, palibe amene amazimitsa. M'mabungwe ambiri bilu imafikira kwa msungichuma, amene amalipira koma sayandikira pampu, pamene woyendetsa pampuyo sanaionepo biluyo. Sankhani munthu mmodzi, mum'patse kabuku, ndipo manambala a mwezi uliwonse aikidwe poonekera, pamene antchito onse amadutsa. Pa famu ya banja, mwana wa giredi 7 akhoza kuigwira bwino ntchito imeneyi, ndipo masamu ake akusukulu adzapindula nayo.

Ophunzira a chaka chino mudzachita mayeso a Sabata pa nyumba zogona ndi ku makhola kwa milungu inayi yotsatizana, gulu lililonse ndi mita yake, ndipo zotsatira mudzabwere nazo m'kalasi la kayendetsedwe ka famu. Inu amene munatsiriza kale maphunziro, lembani mayunitsi kapena malita a mafuta amene mumagwiritsa ntchito podzaza thanki yanu kamodzi, kukula kwa thankiyo, kuya kwa chitsime, kutalika ndi kukula kwa paipi. Tikadzafika kwanu pa ulendo woyendera minda, tidzawerengera pamodzi pa manambala amenewo.